Laputopu ya Mayi wa ku Famase

A Waya anagwidwa Lachiwiri masana akutuluka pageti pa kampani ina ya mtengatenga, komwe ankakonza makompyuta. Dzinali analitengera ku chikwama chawo, chimene chinkalendewera mawaya ngati matumbo a mbuzi. Achifwamba atatu ataona jekete ndi chikwama chonenepacho anaganiza kuti apeza mwini kampani. Anawakankhira m'galimoto n'kuthawa nawo.

Mkazi wawo, telala wa pamsika, anamva nkhaniyi kwa mlonda wa pagetipo. Anasiya diresi la eni lili pamakina n'kuthamangira kwa bwana weniweniyo.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero bwanayo akupukuta magalasi. "Koma amuna anuwo si wantchito wathu. Ndi waganyu chabe, timangowaitana zinthu zikavuta."

Zaka zonsezi akuwaimbira foni ngakhale Lamulungu, lero akuti waganyu! Telala anatuluka misozi ili chuchuchu. Apolisi analemba zonse, koma analibe poyambira. Achifwamba anaimba kamodzi kukampani kuja kufuna dipo, ndipo atamva kuti agwira waganyu anatukwana n'kudula foni. Apa mpamene mantha anamukulira mayiyu, chifukwa munthu wopanda phindu achifwamba samusunga nthawi yaitali.

Tsiku lachinayi kunyumba kunabwera mayi wogulitsa mankhwala ku famase, munthu wolongolola amene dera lonse linkamuopa. Sanabwere kudzapepesa ayi, nkhaniyo anali asanaimve n'komwe.

"Amuna anu ali kuti? Anatenga laputopu yanga Lolemba, ati mawa ndibweretsa. Foni sakuyankha. Pano ndikuiona ili kuseri kwa mafakitale. Akukonzera kumeneko masiku ano?"

Telala anadzambatuka pampando. "Mukuiona bwanji?"

"Pafoni pangapa! Si iwo omwewo? Laputopu iliyonse imene agwira amaikamo kapulogalamu kosonyeza komwe ili, ngakhale usanawapemphe. Ine mpaka ndinakangana nawo kuti kakundithera batire."

Khalidweli telala ankalidziwa, ndipo linkamutopetsa. A Waya sankakhulupirira munthu pa nkhani ya katundu wa makasitomala, moti akanatha akanaika kapulogalamuko ndi m'ketulo momwe. Koma tsiku limeneli atayang'ana kadontho kofiira pafonipo, anachita ngati waona nkhope ya amuna ake. Anamugwira dzanja mlendoyo n'kumukokera ku polisi, telalayo atavala masilipasi osiyana.

M'mawa mwake apolisi anathyola chitseko cha nyumba ina yosungiramo katundu. A Waya anawapeza atakhala pathumba la simenti, ali moyo.

Telala anawaona akutsika m'galimoto ya apolisi opanda nsapato, ndevu zitamera, mikono itatupa pomwe panali chingwe. Anathamanga kukawachingamira. Koma mayi wa ku famase ndiye anayamba kulankhula.

"Tithokoze Mulungu mwabwera, achimwene. Nanga laputopu ija munaikonza?"

"Ndinaikonza, mayi," anayankha a Waya ndi mawu osasa. "Anthu aja ankafuna kuonera mpira. Ndinawauza kuti popanda intaneti sizingatheke, ndiye anailumikiza okha pafoni yawo. Ine ndinangodziwa kuti inuyo simungathe masiku anayi osafufuza katundu wanu."

Wapolisi amene ankalemba anaika cholembera pansi n'kufa nacho chiseko.

Telala anawakumbatira amuna ake kwa nthawi yaitali, fumbi la simenti n'kumudetsera bulauzi yonse. Kenako anatembenuka, nagwada pakhonde la polisi pomwepo, nagwira manja onse awiri a mayi uja. Sankadziwa kuti munthu angathokoze chotere.

"Mayi," anatero akulira ndi kuseka nthawi imodzi, "aliyense amene adzakuuzeni kuti muchepetse pakamwa, mudzam'tumize kwa ine."