Utsi wa Lole ya Che Swaibu

Masiku amenewo ku Balaka mmisiri wa magalimoto ankadziwika ndi khutu. Munthu ankagunditsa chitsulo pa injini, mbali inayo n'kuika kukhutu, basi n'kutchula matenda. Blasius Laisi anali mmisiri wotero. Anakulira ku Rivirivi, za mainjini anaphunzira kwa abambo a ku mishoni, ndipo galaja yake inali pansi pa mthethe kuseri kwa siteshoni ya sitima, pamene lero pali timashopu togulitsa zikwama za mafoni.

Ntchito yomwe inamutchukitsa inali lole ya Che Swaibu a ku Nselema. Mkuluyu anakhala zaka khumi ndi ziwiri ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi kalole ka petulo. Ankapita nako ku nyanja ya Chiuta kukatenga nsomba zouma n'kudzagulitsa ku Balaka. Injini itafa, Blasius anaikamo ya dizilo yochokera m'lole ya pa esiteti ina yomwe inagubuduka. Ndiye poti dzinja likafika njira ya ku Chiuta imasanduka dambo, paipi yomwe injini imakokera mpweya anaikweza m'mbali mwa chitseko mpaka padenga, kuti isamamwe madzi. Polumikiza paipiyo ndi injini anadula mpira wokhuthala wa pampu yothirira fodya. Paipiyo anthu anaitcha chitamba cha njovu. Ena ankachoka ku Liwonde kudzangoiona, n'kusiya magalimoto awo m'manja mwa Blasius.

Chitamba chinayenda bwino chaka ndi theka. Kenako inakwana nthawi yotenga pepala la fitinesi, lomwe popanda ilo galimoto sinkaloledwa pamsewu.

Woyesa magalimoto, a Kachingwe, ankabwera kamodzi pamwezi ndi chovala chawo choyera. Ankayesera pabwalo la fumbi pafupi ndi msika, ndipo tsikulo linkakhala ngati la mpira: madalaivala, eni zigayo, amayi a mandasi, ngakhale anyamata ogulitsa makadi a chipani ankaiwala ntchito yawo n'kudzaonerera. A Kachingwe anaona mabuleki, magetsi, matayala. Kenako anaima kumbuyo ndi pepala loyera m'manja.

"Pondani mpaka pansi!"

Che Swaibu anaponda. Lole inabangula, kenako inatsamwa, n'kulavula utsi wakuda bii. A Kachingwe anayang'ana pepala lawo, anayang'ananso chovala chawo.

"Bambo, mukuotcha makala kapena mukuyendetsa galimoto? Mudzabwere mwezi wamawa."

Blasius sanade nkhawa. Utsi ankauwerenga ngati kalata: wabuluu ndi oyilo, woyera ndi madzi, wakuda ndi mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa. Anaona sefa ya mpweya, inali yoyera. Ndiye anatembenukira ku pampu ya dizilo. Kuti dzanja lifike pa pampuyo ankayenera kumasula mpira wa chitamba uja n'kuuika pambali. Anatsuka manozo opopera dizilo mu injini, anachepetsa mafuta pang'ono, analiza injini mpira uli pansi. Utsi unatuluka wopyapyala ngati wa ndudu. Anabwezeretsa mpira, anamanga, anapukuta manja.

"Yachira, Che Swaibu. Kagwireni nsomba."

"Koma amisiri, pachitunda chija cha ku Machinga imafooka ngati ine pa Ramadani."

"Mumaisenzetsa nyanja yonse, isafooke bwanji?"

Mwezi unatha, a Kachingwe anabweranso. Blasius anafika atavala ovolosi yochapa, n'kuima kutsogolo kwa anthu manja ali m'chiuno. Che Swaibu anaponda. Utsi unatuluka woposa woyamba, mpaka mayi wina anavindikira mandasi ake ndi chitenje.

Bwalo lonse linafa ndi phwete.

"Njovu ya Blasius yadya chiyani?"

"Amisiri, kapena abambo a ku mishoni anakuphunzitsani kufukiza lubani?"

A Kachingwe sanaseke. "Ulendo wachitatu ikatere, ndichotsa manambala. Mmisiri wake ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa Blasius. Zaka zimenezo nkhondo ya ku Mozambique inkasokoneza njanji, mafuta ankasowa, ndipo amayi ankaima pamzere tsiku lonse kudikira botolo limodzi la palafini. Aliyense ankadziwa kuti madalaivala ena osaopa Mulungu ankagula palafiniyo mobisa n'kumasakaniza ndi dizilo.

"Bwana, pagalaja panga galimotoyi imatuluka yoyera," anatero Blasius mokweza. "Zomwe mwini wake amathira ikachoka pamenepo, ine sindiziona. Mwina afunsidwe za palafini."

Mumtima ankadziwa kuti palafini sadetsa utsi chotero. Koma mawu anali atatuluka, ndipo anthu anali atasiya kumuseka iye.

Che Swaibu anatsika pang'onopang'ono. "Wallahi, sindinathirepo ngakhale dontho. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu."

"Che Palafini alumbira!" anakuwa wina kumbuyo, ndipo dzina linabadwa pomwepo.

Mkuluyo anakweranso m'lole. Anayendetsa lole mpaka pansi pa mthethe, anasiya kiyi pampando, n'kukakwera basi ya ku Nselema.

Masiku anayi Blasius analimbana nayo yekha. Anakhuthula thanki, ananunkhiza mafuta: dizilo weniweni. Anamasulanso mpira, anayesa pampu, injini inaimba bwino. Tsiku lachisanu masana, atamanga zonse m'malo mwake, mkazi wake Dorica anabwera ndi chinangwa chophika.

"Amake Sabina, takwerani mundipondere. Chakumanjacho. Mpaka pansi."

"Ine? Ikathamanga ndikagwera m'njanji, ana mulera nokha."

"Siithamanga. Pondani."

Dorica anaponda ngati akupha njoka. Blasius anali atatsamira pa injini kuti amvetsere, dzanja lili pa mpira wa chitamba. Ndipo anaumva mpirawo ukufota m'dzanja mwake, kuphwa mpaka kukhala ngati lamba. Kutentha kwa chaka ndi theka kunali kutaufewetsa. Injini ikakoka mpweya mwamphamvu, unkadzitseka wokha. Dorica atachotsa phazi, unafufumanso bwinobwino, wosalakwa ngati mwana wa kwaya.

"Mwapeza?" anafunsa Dorica.

"Ndapeza."

"Nanga mukuoneka ngati mwataya bwanji?"

Nthawi zonse Blasius ankayesa injini mpirawo uli pansi. Matenda ankawachotsa ndi manja ake, kuyesa wodwala, n'kuwabwezeramo.

M'mawa mwake anakwera basi ndi mpirawo m'thumba. Ku Nselema anapeza Che Swaibu atakhala pakhonde, akusoka dengu. Mkazi wawo, Abiti Hassani, anayala mphasa osamuyang'ana mlendo kumaso.

Blasius anatulutsa mpira, anaufinya, anafotokoza zonse. Che Swaibu anamvetsera mpaka kumapeto, akutsokomola.

"Ndiye ndi kampira aka."

"Eya. Ndiikapo paipi yachitsulo. Idutsa, musakayike."

"Kudutsa idutsa, ndikudziwa manja anu." Anaika dengu pansi. "Amisiri, dzulo mayi awa anapita kukagula palafini. Amayi anzawo anawauza kuti akapope m'thanki ya amuna awo. Lachisanu ku mzikiti, munthu amene ndakhala naye mzere umodzi zaka makumi awiri anasuntha. Sakunena za mafuta iyayi. Akuti ndinatchula Mulungu pa bodza."

"Pepani, Che Swaibu."

"Pepani wa pakhonde pano zamva ndi nkhuku zokha. Munanena pabwalo. Mukanenenso pabwalo pomwepo, bwana uja ali pomwepo."

"Ndikanena."

"Basi. Abiti, apatseni tiyi amisiri."

Blasius anagwira ntchito yabwino, imeneyo palibe angatsutse. Anapinda paipi yachitsulo, anawotcherera, anaipaka penti yakuda kuti ifanane ndi mpira wakale. Pa nthawiyo anadziuza kuti pentiyo ndi yoletsa dzimbiri. Mawu oti akanene anawakonzanso, akuwabwereza pomanga mabawuti: bwana, cholakwa chinali changa.

Ulendo wachitatu woyesa utakwana, anthu anachuluka kuposa kale, poti ankafuna kuona manambala akuchotsedwa. Che Swaibu anabwera atavala mkanjo woyera ndi kofia, pamodzi ndi akuluakulu awiri a ku mzikiti kwawo omwe anawalipirira basi. A Kachingwe anaima kumbuyo, chapatali ndithu.

"Pondani!"

Injini inabangula mosatsamwa. Pepala linatsala loyera. Anapondetsanso kawiri, pepala lomwelo.

"Asiya palafini!" anakuwa munthu wina, ndipo anthu anaomba m'manja moseka.

A Kachingwe anatembenukira kwa Blasius, cholembera chili m'manja. "Amisiri, munapeza chiyani?"

Che Swaibu anali atasuzumira pawindo. Akuluakulu awiri aja anayandikira. Blasius anayang'ana bwalo: mwini chigayo wa ku Ulongwe, kapitawo wa pa esiteti yemwe anali atangomusiyira mathirakitala awiri, madalaivala atatu omwe anali atapempha kale kuti awaikire zitamba zawo dzinja lisanafike. Onse ankamuyang'ana ndi nkhope zomwe ankazikonda, nkhope za anthu odikira kumva kwa wodziwa. Anatsekula pakamwa, mawu okonzedwa aja ali pa lilime.

"Tinangotsuka thanki, bwana."

A Kachingwe anagwedeza mutu, anadinda pepala. Mmodzi wa akuluakulu aja anayang'ana mnzake, ndipo onse awiri anayang'ana pansi.

Che Swaibu anatsika, analandira pepala ndi manja awiri, analipinda bwino n'kuika m'thumba la mkanjo. Kenako anafika pamene panaima Blasius. Sanakweze mawu.

"Zikomo amisiri. Mwaitsuka bwino thanki."

Anatsekulira akuluakulu aja chitseko, koma iwo anati ali ndi zogula mumsika, adzabwera pa basi. Lole inatuluka pabwalo ili ndi munthu mmodzi.

Inayenda zaka zina zisanu ndi ziwiri. Ikavuta, Che Swaibu ankaikokera ku Liwonde, kwa mmisiri wosadziwa ngakhale theka la zomwe Blasius ankadziwa. Blasius anaika zitamba zina khumi ndi chimodzi, zonse za paipi yachitsulo, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake anasiya mpira. Kawiri anafika pa depoti kuti akwere basi ya ku Nselema Lachisanu, akaime pakhomo pa mzikiti anthu akutuluka. Ulendo woyamba basi inachedwa, iye n'kubwerera. Wachiwiri inafika pa nthawi yake, ndipo anaima n'kuiyang'ana ikudzaza mpaka inanyamuka.

Chifuwa chija chinawatenga Che Swaibu chipani chisanagwe. Uthenga unafika pagalaja ndi dalaivala wina wa nsomba, yemwe anatchula dzina lawo lenileni kawiri osamveka, poti injini inali kulira.

"Ndani?" anafunsa Blasius.

"Che Palafini, amisiri. Aika dzulo."