Khukhi Wotsala pa Nambala 14

Adamson Kamwendo adayamba ngati mesenjala mu ofesi ya mayi Hendrikz, mzungu wogulitsa nyumba m'tauni ya Kabwe. Munali mu 1968. Azungu a kumgodi ndi a kunjanji ankalongedza katundu kubwerera kummwera, ndipo ofuna nyumba za kumayadi tsopano anali anthu akuda: aphunzitsi, makalaliki, oyendetsa sitima. Mayi Hendrikz sankadziwa kucheza nawo, choncho tsiku lina adamuponyera Adamson mulu wa makiyi nati ayesere.

Adamson sadafune kufera pa njinga ya umesenjala. Adalembetsa maphunziro a papositi a kagulitsidwe ka nyumba, ndipo envulopu ikafika ankaiwerenga mpaka mapepala kufewa. Adaphunzira kufika msanga ndi kutsegula mawindo ogula asanabwere. Adaphunzira kutseka pakamwa mkazi wa wogula akalowa m'khitchini. Phunziro lachisanu ndi chimodzi lidati nyumba isatsale ndi kalikonse ka eni ake akale, kuti wogula adzione ngati wasamukiramo kale. Mawu amenewo adawalemba mzere kunsi.

Atagulitsa nyumba ziwiri, mayi Hendrikz adampatsa nyumba ya Nambala 14, yomwe idakhala miyezi isanu ndi iwiri osapeza mwini.

Adapitako masana. Ankayembekeza udzu wofika m'chiuno, koma adapeza maluwa othiriridwa ndi khonde lofiira psuu, lonyezimira ndi polishi. Mkati munalibe mpando ngakhale umodzi, koma pansi ponse panali popukuta. Ali chiimire m'chipinda chodyera adamva munthu akutsokomola kumbuyo kwake. Adatembenuka. Pakhomo la khitchini padaima nkhalamba yowonda, itavala yunifolomu yoyera yosita bwino, yopanda nsapato.

"Bwana kulibe," idatero nkhalambayo. "Mungasiye uthenga."

Dzina lawo linali a Zacheus. Adaphikira banja la m'nyumbamo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ankagona m'kabini, kanyumba ka antchito ka kuseri. Atamva dzina la Kamwendo adamuyang'anitsitsa.

"Ndiwe mwana wa Levy? Tidachoka limodzi ku Nyasalande wapansi, ine ndi atate ako. Iwo adalowa pansi mumgodi, ine ndidalowa m'khitchini."

"Atate adatisiya, madala. Nanga simudamve kuti nyumbayi ikugulitsidwa?"

"Dona adati, Zacheus, sunga nyumba, tibweranso. Ndiye ndikusunga."

Sabata yomweyo Adamson adaona chimene chinkathawitsa ogula. Adabwera ndi mphunzitsi wina ndi mkazi wake, ndipo a Zacheus ankawatsata chipinda ndi chipinda mwakachetechete. "Muno ndi mwa dona. Muno mumagona mwana, musakhudze khoma." Mkazi uja adatuluka atadzikumbatira ngati wamva kuzizira, nati m'nyumbamo mudakali anthu.

Mayi Hendrikz sadachulutse mawu. Eni nyumba adali atakhazikika kummwera ndipo m'makalata awo sadatchulepo za khukhi. "Mchotse, kapena undibwezere makiyi."

Adamson adaganiza masiku atatu. Adadziuza kuti sathamangitsa munthu, angomusamutsa mwaulemu. Adapeza kachipinda ku komboni ya Makululu, kwa mayi wina wogulitsa makala, ndipo adabwerera ku Nambala 14 atakonza mawu ake monga maphunziro adamuphunzitsira: kuyamba ndi zabwino, kulankhula mofatsa, kuyang'ana munthu m'maso.

"Madala, dona watumiza uthenga. Akuti mwagwira ntchito yabwino, tsopano mukapume."

"Walemba? Onetsa kalata."

"Wauza a ku ofesi pa lamya."

Nkhalamba idamuyang'ana m'maso. "Levy sankadziwa kunama," idatero, osakweza mawu. Kenaka idalowa m'kabini nkutuluka ndi sutikesi ya malata ndi mphasa. Adamson adamanga katunduyo pa njinga, ndipo adayenda wapansi mpaka ku Makululu.

Pasanathe milungu itatu nyumba idagulidwa ndi a Kingstone Mwanza, woyendetsa sitima wa kwawo ku Petauke, ndi akazi awo a Tryness. Mayi Hendrikz adamupatsa Adamson tebulo lakelake pafupi ndi zenera. Amayi a Adamson, ku komboni ya Nakoli, adavina pabwalo.

Patapita mwezi, a Tryness adafika ku ofesi nkhope ili gwa.

"Ba Kamwendo, simudatiuze kuti nyumba ili ndi mlonda wake. Mdala wina amabwera m'mawa uliwonse, wavala zoyera, nkuima pageti. Sapempha kanthu. Dzulo wandiuza kuti maluwa a kukona safuna madzi ambiri. Ana akuopa kutuluka."

Adamson adalonjeza kuti akalankhula nawo. Tsiku limenelo kudabwera ogula awiri, mawa lake kudali mayeso a maphunziro ake, ndipo sabata idatha. Ina idathanso. Akamapalasa njinga cha kumayadi ankazungulira njira yaitali kuti asadutse msewu umenewo. Kamodzi adaona a Zacheus patali, kadontho koyera m'fumbi la masana, nakhotera kwina msanga.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Tryness adabweranso. Ulendo uno sadakhale pansi.

"Masiku anayi mdala uja sadaoneke. Ndidayamba kumusungira tiyi, mukudziwa? Ndazolowera. Kamufuneni."

Mayi wa makala ku Makululu adati a Zacheus adachoka Lolemba m'mawa monga mwa masiku onse ndipo sadabwerere. Adamson adafunsa m'njira monse, kwa ogulitsa tomato, kwa okonza njinga, mpaka mayi wina adakumbukira nkhalamba yomwe idagwa pafupi ndi njanji, anthu nkuinyamulira kuchipatala. Kumeneko adamulondolera kunyumba ya chisoni. Adawazindikira asanavundukule nkhope, chifukwa cha mapazi.

"Ndinu ndani wawo?" adafunsa kalaliki, cholembera chili m'manja.

Adamson adabwezera nsalu pankhope ya a Zacheus.

"Lembani kuti mwana wawo," adatero.

Pamaliro padali anthu asanu ndi mmodzi: Adamson, amayi ake, a Tryness ndi amuna awo, mayi wa makala, ndi mkulu wa mpingo. Mkuluyo atafunsa mudzi wa malemu kuti autchule, onse adayang'anana. Amayi a Adamson adangokumbukira kuti kunali cha ku Ntcheu. Pobwerera kumanda adamufunsa mwana wawo kuti a Zacheus adachoka bwanji kumayadi, ndipo iye adawauza zonse, ndi bodza la lamya lomwe. Sadamukalipire. Adangoyenda patsogolo pake mpaka kunyumba osacheuka.

Mayeso aja adakhoza bwino, ndipo m'zaka zotsatira adagulitsa nyumba zambiri kuposa wina aliyense mu ofesiyo. Anthu ankamutama kuti ndi woona mtima, poti ankaulula yekha pamene denga likudontha. Koma anzake ankadabwa ndi khalidwe lake limodzi. Akapatsidwa nyumba yatsopano sankalowera kukhomo lakumaso. Ankazungulira kuseri, nkuima pa kabini, nkuodira katatu ngakhale chitseko chili pululu. Kawiri adapezamo anthu: mlimi wa maluwa ndi banja lake, ndiponso mayi wolera ana amene mabwana ake adamusiya osatsanzika. Nyumba zimenezo sadazionetse kwa aliyense mpaka atakhala pansi ndi ogula nkugwirizana za anthuwo, ndipo imodzi idamuphonya chifukwa cha zimenezo.

Ku Nambala 14 sadapondekonso. A Tryness akakumana naye kumsika ankamuuza kuti mwana wawo wamng'ono amakakamirabe kuti m'mawa pageti pamaima munthu. Adamson ankaseka pang'ono nkusintha nkhani.

Adalemba makalata atatu kupita ku Ntcheu, kufunsa ngati kuli abale a Zacheus amene adapita kalekale ku Broken Hill, dzina lakale la Kabwe. Awiri sadayankhidwe. Yachitatu idabwerera patatha miyezi isanu, yosatsegula, itadindidwa kuti mwini wake sakudziwika.