Mkamwini ndi Kompyuta Yoiwalaiwala

Dzuwa linali lisanafike paliwombo, koma Raymond anali atatukwana kale chamumtima kuposa mmene mkhristu amayenera kuchitira chaka chathunthu. Kompyuta yake, chibokosi chakuda chogula pakaunjika chimene chinkakhala pathebulo m'kachipinda ka kuseri, inali itayambanso khalidwe lake lonyansa.

Kampani ina ya ku Lilongwe inkafuna munthu woyang'anira makina ake, ndipo Raymond anali atafika pa mayeso omaliza. Mayi wina wa kukampaniko, dzina lake Zuleka, anali atamuuza kuti amuimbira pavidiyo masana a tsikulo. Ankafuna kuona ndi maso ake Raymond akudzutsa kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yeniyeni, kenako n'kudzutsanso ina mkati mwa yongoyerekezayo. Zili ngati mayi kubereka mwana, mwanayo naye n'kubereka chidole kumsana. Akakwanitsa, ntchito ndi yake. Akalephera, abwerera kuchigafa kukasankha fodya wa apongozi, ntchito imene anaigwira chibwerere kudzakhala chikamwini kuno ku Chamama, satifiketi yake ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi.

Mayiyo ankabereka mwana bwinobwino. Koma mwanayo akangoti anyamule chidole, pasikirini pankatuluka uthenga wachingerezi wopanda ndi moni womwe, wakuti makina ano salola zimenezi.

Raymond sanali mbuli pa zinthu izi. Anazimitsa timapulogalamu tonse timene timalanda mphamvu yoberekayi mwakachetechete. Anachonga kabokosi kololeza kompyuta yongoyerekeza kubereka inzake. Kenako analowa mu BIOS, kumene kompyuta imasunga malamulo ake isanadzuke, ndipo anapeza kuti chololeza chenichenicho n'chozimitsa. Anachiyatsa. Makompyuta onse atatu anadzuka motsatizana, Raymond n'kuvina pang'ono ali pampando.

Magetsi anaphethira.

Atabwerera, uthenga uja unali pomwepo, ngati mlendo wosamva zomutsanzika. Analowanso mu BIOS, n'kupeza chololeza chija chazimanso chokha. Ngakhale deti linali litasokonekera, kompyuta ikuumirira kuti chino n'chaka chimene Raymond anali kupulayimale. Anakonzanso zonse. Magetsi anaphethiranso, kompyuta n'kuiwalanso zonse. Ndiye mmene zinkayendera chiyambire m'mawa.

Mkazi wake Olive analowa ndi tiyi ndi mbatata, mwana wawo Comfort akugona kumsana.

"Bambo a Comfort, mukukalipira ndani muno?"

"Chitsiru ichi! Ndikuchiuza chinthu, chikuvomera, magetsi akangothima chaiwala. Ngakhale nkhuku imakumbuka pamene inaikira dzira."

Atangonena zimenezo anakumbukira kanthu kena. Mkati mwa kompyuta mumakhala kabatire kakang'ono, kozungulira ngati khobidi, kamene ntchito yake n'kusunga malamulo aja magetsi akathima. Raymond anatenga mpeni wa patebulo, namasula zomangira, natsegula chibokosicho. Malo a kabatire anali pululu.

Anatembenuka kuti amuonetse Olive zodabwitsazi, koma Olive anali atayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwake.

"Mayi a Comfort?"

"Amayi anandituma," anatero Olive chapansipansi. "Sikelo yawo inafa dzana. Tsiku lija munkapukuta fumbi m'kati mwa chinthuchi pakhonde anakaona kabatireko, akuti n'kofanana ndi ka m'sikelo. Ndinaganiza kuti poti chinthuchi chimayendera magetsi, kabatireko n'kongokongoletsa."

"Kongokongoletsa!"

"Nanga si chikuyaka?"

Raymond anagwira mutu ndi manja onse awiri. Usiku wa dzulo lake anali atawerenga malangizo a akatswiri a m'maiko akutali, aliyense ndi nzeru zake pa vuto limeneli. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene analemba kuti uyambe wafunsa apongozi ako.

Anaimbira foni Khamisi, mwini golosale ya patrading'i. Khamisi anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, nyengo ya mabelo ino? Timabatire timeneto alimi anatisesa kalekale. Dikirani ndikapite kuboma Lachisanu."

Apa zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Kabatire kanalipo kamodzi kokha, ndipo kanali m'sikelo ya mayi Enelesi, amayi ake a Olive, eni munda, eni chigafa, eni dothi limene nyumba ya Raymond inaimapo. Mkamwini salowa pamaso pa apongozi aakazi n'kunena kuti bwezani changa. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Raymond anali atasunga mwambo umenewu zaka zonsezi osaphonya, pokumbukira kuti mkamwini asamakule mwendo.

Anatuma Olive. Olive anapita, nabwera chimanjamanja.

"Akuti mudikire amalize kuyeza. Galimoto yonyamula mabelo ibwera mawa m'mamawa, ndipo belo likapitirira kulemera amalibweza ku okushoni."

"Atsala ndi fodya wochuluka bwanji?"

"Mpaka madzulo."

Magetsi anaphethiranso, ngati akuchitira dala. Raymond anadziona m'maganizo akulowa ndi kutuluka mu BIOS, akukonza deti, thukuta lili kamukamu, mayi Zuleka akumuyang'ana pavidiyo n'kumalemba zolemba zawo. Anavala nsapato.

"Tiyeni, mukandiyankhulire."

Kuchigafa mayi Enelesi anali atakoleka sikelo pamtanda, akupachika mitolo ya fodya wosankha kale, kenako n'kumaponya m'jeke yopanira mabelo. Raymond ananjuta chapatali, pafupi ndi mtengo wa mango, nkhope italoza kumbali. Mayi Enelesi nawo anatembenukira kumtanda. Olive anaima pakati pawo, ngakhale onse awiri ankamvana bwinobwino.

"Mayi a Comfort, muwauze amayi kuti ndapepesa kuwasokoneza pa ntchito."

"Amayi, akuti apepesa."

"Uwauze ndamva," anatero mayi Enelesi akupachika mtolo wina.

"Muwauze kuti kabatire kali m'sikelomo ndi kamene kamakumbutsa kompyuta zochita."

"Uwafunse, chinthu chachikulu chonsecho chingalephere kukumbuka chokha? Ine fodya yense uyu ndimakumbuka munda umene anachokera, wopanda batire."

Raymond analuma mlomo. Mtima unkamuuza kuti aimirire akuwe, koma mawondo anakhalabe pansi.

"Muwauze kuti lero ndi mayeso a ntchito ija. Ndikalephera lero, basi."

Olive sanabwereze mawu amenewo, ndipo sikelo inasiya kulira. Mayi Enelesi anakhala chiimire, mtolo wa fodya uli m'manja.

"Uwafunse," anatero mawu atatsika, "ntchitoyo akaipeza, akakhala kuti?"

Olive anayang'ana mwamuna wake. Nkhani imeneyi anali asanawauze amayi ake bwinobwino, ankangoizengereza.

"Ku Lilongwe, amayi."

"Iwe ndi mwanayo?"

"Tonse, amayi."

Raymond anachita manyazi, ndipo kupsa mtima konse kwa m'mawa kunamuthera pomwepo. Mayi Enelesi anali wamasiye, ana awo aamuna anakwatira kutali, ndipo manja amene ankadalira pa fodyayu anali a anthu awiri omwewa.

Mayiwo anaika mtolo pansi. Anatsitsa sikelo pamtanda, naitembenuza, nasolola kabatire ndi chikhadabo. Anakapukuta pachitenje n'kukaika m'dzanja la Olive.

"Uwauze athamange. Wotsalayu ndiyeza ndi manja."

"Nanga belo likapitirira, amayi?"

"Ndati athamange."

Raymond anathamangadi. Anabwezera kabatire m'malo mwake, nakonza deti, nayatsa chololeza chija. Kuti atsimikize, anazula yekha chingwe cha magetsi kukhoma n'kuchibwezera. Kompyuta inakumbuka zonse.

Foni yochokera kwa mayi Zuleka inalira dzuwa litapendeka. Raymond anadzutsa kompyuta yongoyerekeza, nadzutsa ina mkati mwake. Ali pakati pofotokoza, magetsi anathima monga mwa chizolowezi chawo, koma atabwerera zonse zinadzukanso popanda kunyengerera. Mayi Zuleka anafunsa mafunso angapo, nagwedeza mutu.

"Bambo Raymond, mungayambe Lolemba?"

Anayankha kuti angayambe. Anayembekezera kuti akuwa ndi chimwemwe, koma foni itaduka anangokhala pampando, akuyang'ana pawindo. Kuchigafa mayi Enelesi ankanyamula mtolo, kuukweza m'mwamba, kuutsitsa, kuukwezanso, kenako n'kuchotsapo masamba pang'ono poopa kuti ungapitirire. Ankachita zimenezi okhaokha.

Olive anali ataima pakhomo, maso ali ofiira.

"Mayi a Comfort," anatero Raymond, "mukawauze amayi kuti zatheka. Mukawauzenso kuti ndathokoza."

Olive anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Izi zokha kawauzeni nokha. Ine sindingathe."