Kamzere ka Pamwamba pa Khutu

Wometa ankasesa tsitsi pansi pa mpando pamene mkazi wake analowa osaodira n'komwe.

"Achimwene anga ali kuchipatala. Awathyola nthiti ziwiri chifukwa cha kamzere kanu kaja."

Tsache linamupulumuka m'manja. Dzulo lake, mlamu wakeyo, munthu wowotcherera zitseko wosadziwa ngakhale fungo la chamba, anapempha kamzere pamwamba pa khutu kuti aoneke ngati mnyamata. Wometa anakajambula kumanzere, mmene dzanja linazolowerera.

Kale umenewo sunali mlandu. Msewu wonse unali m'manja mwa bwana mmodzi wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, munthu woipa ndithu, koma woipa mmodzi. Apolisi atamugwira anthu anavina, wometayo mpaka anameta makasitomala atatu ulere. Mwezi usanathe, anyamata a bwanayo anagawikana. Gulu la Chiphazi linatenga kumtunda, chizindikiro chawo mzere wa kumanzere. La Tsinya linatenga kumunsi, mzere wa kumanja. Shopu ya wometa inali pakati penipeni, ndipo mlamu uja ankagwira ntchito kumunsi.

"Ndiye nditseke?" anafunsa wometa. "Zaka makumi awiri ndili pano, mayi. Tidya chiyani?"

"Inu simukumetanso tsitsi, bambo. Mukuika anthu chizindikiro chokamenyedwera."

Masana Chiphazi mwiniwake anatulukira, nadziponya pampando ngati anaugula ndi iyeyo.

"Madala, kuyambira lero muzimeta anthu anga okha. A Tsinya akabwera muziti magetsi athima."

Tsinya anali atanena mawu omwewo Lolemba, pampando womwewo. Wometa anamva kutopa kofika m'mafupa. Anamusowa bwana wakale uja, ndipo anachita manyazi kuti akusowa munthu wotero. Kenaka anaganiza zonama.

"Bwana, ntchito ndasiya. Manja akumanjenjemera masiku ano, ndingakuduleni khutu."

Chiphazi anaseka. "Inu madala, mashini munabadwa nawo m'manja. Tambasulani tione."

Wometa anatambasula manja, atakonzeka kuwagwedeza dala. Sizinafunike. Ankanjenjemera okha, zala zikugundana, mpaka Chiphazi anasiya kuseka, nadzuka n'kutuluka akugwira khutu lake.

Wometa anadikira kuti manja akhazikike, koma ayi ndithu. Atayamba kumasula zinthu kuti atseke shopu, sikuludalaivala inamugwa kawiri. Galasi la pakhoma anamasula ndi mkazi wake.