Ziro Tinakamupeza Kumjigo

Manja anali kale m'mwamba, khumi ndi limodzi, pamene alamu anga a Hilario anatsokomola. Ine ndinali chiimire pabenchi, cholembera m'kamwa, ndikuwerenga mavoti.

"Alamu, chifuwacho mukatsokomolere kunja," ndinatero. "Kuno tikusankha kompyuta."

Tinali m'kalasi ya Sitandade 7 pasukulu ina kwa Mbenje, mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Ife tinali a komiti yochenjeza anthu madzi akamasefukira. Bungwe lina linalonjeza kutipatsa laputopu yotumizira kuboma manambala a mtsinje ndi kulandirira uthenga wa mvula yakumtunda. Imodzi yokha, ndipo anati tisankhe tokha pakati pa ziwiri. Sitolo ya ku Blantyre inatumiza munthu wake, a Symon, wa nsapato zoti ungametere ndevu ukudziyang'anira pomwepo. Anabwera ndi chinsalu chachitali ngati chitseko n'kuchiimika kutsogolo.

Pachinsalupo panajambulidwa mizati iwiri, laputopu iliyonse ndi mzati wake. Wabuluu unali kachitsa chabe. Wofiira unakwera ngati mgwalangwa, kutalika kanayi kuposa unzakewo. Pamwamba panali mawu achingerezi, ndipo wowamasulira ndinali ine Tomasi, mlembi wa komiti, amene sukulu inandisiya pa Fomu 1 teremu yachiwiri koma Chingerezi cha pa zikwangwani ndimachimeza osatafuna.

"Mawuwa akuti liwiro," ndinali nditawauza. "Nkhani yake ndi ya maso, abale. Wofiirayu uthenga aufikitsa kuboma madzi asanaganize n'komwe zotuluka mumtsinje."

Apampando athu, mayi Justina, anafunsa za batire. A Symon sananame: yofiira maola awiri, yabuluu maola asanu ndi anayi. Ine ndinalidumpha funsolo ngati ngalande.

"Wothamanga amamva njala msanga, mayi. Koma ntchito yoti winayo aigwire tsiku lonse, uyu aimaliza tiyi wanu asanazizire."

Ndinkadziwa bwinobwino kuti mvula ikamanga msasa kuno, sola ya pasukulupa imagona masiku anayi osadzuka, ndipo masiku akewo ndi omwe kompyuta imafunika yamoyo. Koma mzati wofiira unali utandilowa m'maso. Ndiulule ndi ichi: wosunga makinawo ndikanakhala ine, ndipo ndinali nditayamba kale kulota mafilimu.

Tsono pa voti ya yofiira, dzanja limodzi lokha ndilo linali pansi, la a Hilario. A Hilario ndi achimwene a mkazi wanga. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akutsetserekera ku Shire m'mawa ndi madzulo kukawerenga geji, mitengo ya manambala ija yozikidwa m'mbali mwa gombe. Mawu awo a tsiku lonse sangadzaze kapu. Ine ndinkawanena kuti anakwatira mtengo.

Anadzuka mwakachetechete, n'kukanjuta patsinde pa chinsalu. M'mbali mwa mizati munali timanambala ting'onoting'ono ngati nthata, timene tonsefe sitinatione.

"Bambo," anatero kwa a Symon, "apa pansi palembedwa 96."

"Eya, bambo. Ndi pomwe tchati ikuyambira."

"Nanga ziro ali kuti?"

A Symon anamwetulira mwaulemu. "Ziro safunika apa. Pansi pake ndi pomwepo."

"Nkhabe," anakana m'Chisena. "Pansi ndi pa ziro."

"Alamu," ndinalowerera, "iyi si Shire. Izi ndi za akatswiri akunja, anthu oti akayetsemula pamatuluka masamu."

Anthu anaseka. A Hilario sanatembenuke n'komwe.

"Kugombe kuja mitengo ilipo isanu, wina pamwamba pa unzake ngati makwerero," anatero. "Wakumtunda umayambira pa 4. Madzi akaufika m'mawondo, mlendo amati mtsinje ndi wa m'mawondo. Akalowamo timakamutola ku Marka."

Mawu ochuluka chotero sindinawamvepo pakamwa pawo ngakhale tsiku la ukwati wanga.

Anapempha kuti chinsalu chigonekedwe pansi, mutu kubolodi, miyendo kukhomo. A Symon anazengereza poopa fumbi, koma mayi Justina anawayang'ana kamodzi, chinsalu n'kugona. A Hilario anatambasula dzanja, chala chachikulu pa 96, chapakati pa 97. Zinakwanirana ndendende.

"Nambala imodzi, dzanja limodzi," anatero. "Wabuluu wathera pa 97, wofiira pa 100. Tiyeni tikaone kumene inamera. Alamu, tengani choko. Pakamwa papumeko, manja agwire ntchito."

Ndinagwada kumbuyo kwawo, ine mlembi wathunthu, buluku la kutchalitchi lili pasimenti. Iwo ankayeza chotsika, dzanja ndi dzanja, ine ndikupitiriza mizati iwiri ija ndi choko, mzere uku mzere uku.

"95. 94. 93."

Poyamba ndinkaseka. "Alamu, mukafika ku Mozambiki mundipatsire moni." Pa 90 anthu anakoka mabenchi kuti tidutse. Pa 80 tinatuluka pakhomo. Choko chinathera pakhonde, wina anandiponyera kamtengo, ndinayamba kukanda m'fumbi. Dothi linkaotcha mawondo ngati chiwaya, koma mkulu uja sanafulumire, sanachedwenso. Dzanja lake lokhakhala lija linkangotseguka ndi kutsekeka ngati mbozi yoyenda pa tsamba, ndipo silinaphonye ngakhale kachikhadabo.

Pa 60 kuseka kunali kutandithera. Komiti yonse inali pambuyo pathu, ikuwerenga mokweza ngati kwaya. Aphunzitsi awiri anatuluka mu ofesi. Munthu wina wa kabaza anaimika njinga, wokwera wake ali pompo, n'kuyamba kuwerenga nawo osadziwa n'komwe kuti tikuwerenga chiyani.

"Kodi mwataya ndolo?" anafunsa mayi wina wosenza ndowa.

"Tataya ziro," anayankha mayi Justina. "Patukani, mungamuponde."

Ndinacheuka kuyang'ana kumene tachokera. Mizere iwiri ija inkanditsatira limodzi, phewa ndi phewa, yofanana ngati njanji. Ndinakumbukira mvuu: pamadzi umangoona timakutu tiwiri, n'kumatsutsana kuti kakutu aka n'kotalika kuposa ako, pamene chinyama chonse chili pansi. Zonsezi zinali m'chinsalu muja nthawi yonseyi, zobisika pansi pa kanambala kamodzi, ndipo munthu amene ndinkamunena kuti anakwatira mtengo ndiye ankazifukula ndi zala zisanu.

"Zitatu. Ziwiri. Imodzi."

Chala chawo chinagunda simenti ya mjigo, kumene amayi anali atasiya kupopa.

"Ziro," anatero a Hilario. Anadzuka, mawondo akulira, n'kusasa fumbi. "Tsopano imani apa muyang'ane."

Ndinayamba ndine. Ndinanjuta pa ziro n'kuponya maso. Mizere inadutsa bwalo, kukwera khonde, kulowa pakhomo, mpaka mumdima wa m'kalasi. Kutali uko, kumapeto kwenikweni, kunali kanthu kofiira kotsogolako pang'ono, ngati munthu wautali mofanana ndi mnzake koma wavala chipewa.

"Ndiye liwiro lanu lija, alamu," anatero. "Manja atatu pa manja zana."

"Ndi maola asanu ndi awiri a batire tikanagulitsa chifukwa cha chipewacho," ndinayankha. Mawu anatuluka aang'ono, osakhala anga. Ndinafunafuna nthabwala m'mutu monse, sindinaipeze.

Anthu anandandalika pamzere ngati kuchipatala, aliyense kufuna kuona yekha. Wina akanjuta, ankadzuka akupukusa mutu. Wa kabaza uja ananjuta kawiri. Mayi Justina atadzuka anamanga bwino chitenje.

"M'kalasi sitibwereramo," anatero. "Voti ichitikira pompano. Ofuna yabuluu?"

Manja khumi ndi awiri. Langa linakwera lisanandifunse. Anakwezanso amayi a pamjigo, aphunzitsi ndi wa kabaza, ndipo ndinachita kuwachonderera kuti atsitse, angandisokonezere buku.

A Symon anali ataima poteropo, nsapato zija zitayera ndi fumbi. Ndinkayesa akwiya. Koma anayandikira a Hilario, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Bambo, chinsaluchi ndayenda nacho maboma asanu ndi limodzi," anatero. "Anatitumizira opanga makinawo. Ine ndemwe ndinagulira mlongo wanga yofiira."

"Pyadidi," anavomereza m'Chisena a Hilario. "Imathamangadi. Onani nokha."

Munthu wa ku Blantyre uja anakwinya buluku, nagwada m'matope a pamjigo. Anatsinzina diso limodzi ngati mmisiri woyeza khoma. Anakhala choncho nthawi yaitali, madzi a m'ngalande akumulowa m'nsapato, osasuntha. Kenaka, osadzutsa mutu, anafunsa motsitsa:

"Pepani bambo, pa iwiriyi, wanga ndi uti?"