Maola a mu Labu

Dzina loti Kabwereza anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, ndipo linamumatirira ngati chingamu kunsi kwa desiki. Anaphunzira za makompyuta zaka ziwiri pa kakoleji ka kuseri kwa depoti ya basi. Atasamukira ku yunivesite, anamuuza kuti maphunziro a kumeneko sawadziwa, ayambirenso chaka choyamba. Digiri ya zaka zinayi inamudyera zaka zisanu ndi chimodzi. Alendo akafunsa, amayi ake ankangoti, “Akadali kusukulu. Uyu zimalowa pang'onopang'ono.”

Tsopano ankagwira ntchito mu ofesi ya dipatimenti ya makompyuta pa yunivesite yomweyo, koma zinthu zinali zitasintha. Sukulu zonse zinagwirizana kuti phunziro lililonse liziyezedwa ndi makirediti: maola khumi ophunzira, kirediti imodzi. Wophunzira akasamuka ankanyamula makirediti ake ngati zovala m'chikwama. Ntchito ya Kabwereza inali yosanthula zikwamazo, kuona amene akwanitsa ndi amene sanakwanitse.

Lachiwiri m'mawa, fayilo yachisanu pa mulu inali ya mng'ono wake.

Koleji yomweyo. Maphunziro omwewo. Ngakhale mphunzitsi wosaina anali yemweyo, uja wolemba ngati nkhuku yapalasa. Koma uyu ankapempha kulowa chaka chachitatu.

Foni inalira asanatseke n'komwe fayiloyo.

“Achemwali, yafika? Amayi akuti ndikamaliza mudzandibwereke gauni yanu ija.”

“Sunalowe n'komwe, wayamba kale kuyeza gauni?”

“Aaa, nanga si inu muli pomwepo? Komanso amayi akuti ine mutu ndinatengera kwa malume.”

“Ndiye ine ndinatengera kwa ndani?”

Mng'onoyo anaseka, foni n'kuduka.

Lamulo linali lomveka: fayilo ya m'bale wako suyigwira, umakapereka kwa mkulu wa dipatimenti. Kabwereza analikonda lamulolo tsiku limenelo. Anali ataona kale tsamba loyamba. Kuti munthu alowe chaka chachitatu, phunziro la kulemba mapulogalamu linkafunika maola 120. Tsambalo linkaonetsa maola 80.

Koma iye ankadziwa chimene ena onse m'dipatimentimo sankadziwa. Koleji ija tsamba loyamba imalembapo maola a m'kalasi okha. Maola a mu labu amalemba mkulu wa labu, pa kapepala kapinki, n'kukamata kumapeto kwenikweni, kuseri kwa kalata ya kuchipatala. Ndipo mkulu wa dipatimentiyo, a Pulofesa, monga aliyense ankadziwira, sankapitirira tsamba loyamba.

Anawapeza atakhala pakati pa milu ya mapepala, tiyi atazizira pambali pa kiyibodi.

“Bwana, iyi ndi ya mng'ono wanga. Muyione nokha.”

“Mwachita bwino, chemwali. Anthu ngati inu ndi osowa.” Anakankhira magalasi m'mwamba. “Makirediti asanu ndi atatu? Sakukwana. Abwereze chaka chachiwiri. Pepanitu.”

Anavula chivindikiro cha cholembera.

Kabwereza anamva kukoma kwinakwake pansi pa mtima, konga kwa munthu wokanda chipere. Chaka chimodzi chokha, theka la zimene iye anataya. Palibe bodza limene akananena. Aone amayi ngati mutu wa malume sudziwa kubwereza.

Kona ya kapepala kapinki inkasuzumira kumapeto kwa fayilo. Anayiyang'ana, nayonso ngati ikumuyang'ana. Labu ija anaikumbuka bwino: makompyuta asanu ndi imodzi, anthu atatu pa kiyibodi imodzi, wina kulemba, wina kuwerenga, wachitatu kutsutsa. Kutentha kwake, fani itafa. Kapepala kake ka iye kanali mpaka pano m'sutikesi pansi pa bedi. Palibe anakafunsapo. A Pulofesa akasaina osatembenuza, ndiye kuti maola amenewo atayidwanso kachiwiri, ndipo ulendo uno wotaya akhala iyeyo.

“Bwana, tatembenuzani. Kumapeto kwenikweni.”

A Pulofesa ananyambita chala, n'kuyamba kutembenuza. “Maola 50 a mu labu? Nanga amabisiranji kuno, ngati kalata ya chibwenzi? Ndiye akwana, atsalanso khumi. Inu munadziwa bwanji?”

“Ndili nako kanga.”

“Munaphunzira kumeneko? Ha! Mukanangochedwa kubadwa pang'ono, chemwali.”

“Ndikawauza amayi, bwana.”

Anasaina, n'kumubwezera fayilo kuti akadinde. Kabwereza anadinda mwamphamvu moti inki inatulukira kuseri kwa pepala, ndipo mlembi wa pa desiki yoyandikana anadzidzimuka.

Masana mng'ono uja anayimbanso, akukuwa ngati wapeza mwana.

“Zatheka, achemwali! Ndimadziwa ine! Amayi akuti aphunzitsi akaona mutu wabwino sachedwa kuuzindikira.”

“Eya, sachedwa.”

“Ndiye gauni ija?”

“Idzakukulira. Inasokedwa ya munthu wophunzira zaka zisanu ndi chimodzi.”

“Ndidzapinda, musadandaule.”

Kabwereza anayika foni chafufumimba pa desiki. Nsanje sinapite kulikonse. Inangosendera pang'ono pa mpando kuti iye akhale. Anakoka fayilo yachisanu ndi chimodzi. Nayonso inali ya ku koleji ya kuseri kwa depoti, ya mwana wa eni amene sankamudziwa. Anapumira m'mwamba, n'kuyambira kumapeto.