Lipenga la Mafuta Ophikira

"Nunkhiza! Ndati nunkhiza, iwe!"

A Sajeni Pearson anam'kankhira Lusungu lipengalo pamphuno. Mnyamatayo anabweza mutu mpaka kugunda ng'oma yaikulu yomwe inapachikidwa kukhoma.

"Ndamva, a Sajeni."

"Wamva chiyani? Ndi lipenga limeneli kapena chiwaya cha tchipisi cha pa Jenda?"

Linkanunkhadi chiwaya. Mkuluyo anadina batani loyamba, ilo n'kutsika monyinyirika, n'kukakamira pansi ngati phazi m'matope a m'dambo. Lachiwiri silinasunthe n'komwe.

Anali awiriwiri m'kachipinda kosungiramo zida kuseri kwa tchalitchi, ku Champhira, mphepo ya Julaye ikulowera pansi pa chitseko. A Sajeni anali a ku Ntcheu. Analizapo lipenga m'bandi ya apolisi, ndipo atapuma ntchito anatsalira konkuno, n'kuyambitsa kabandi ka achinyamata. Lamulo lawo linali limodzi: wophunzira sakhudza lipenga mpaka milomo itakhwima. Amam'patsa kamlomo ka lipenga, chidutswa cha paipi yothirira dimba, ndi fanulo kumapeto kwake. Lusungu anakhala akuuzira paipiyo chilembere mayeso a Fomu 4, ikulira ngati ng'ombe yosowa mwana, atsikana opita kumjigo akufa nako kuseka.

Koma iye anali ndi mphunzitsi wina m'thumba. Pafoni yake panali mayi wina wakunja wophunzitsa kadinidwe ka mabatani, komanso kapulogalamu komwe kamamvetsera ukamaliza n'kuyaka kobiriwira mawu akakhala pamalo pake. Ndiye Lamlungu, anthu atabalalika, anatenga lipenga lenileni n'kupita nalo kudimba. Linalira! Mbalame zinathawa m'mabango, ndipo iye anadziona ali mu yunifomu yoyera, msewu wonse utaima. Batani lina linkalimba pang'ono. Mayi wa pafoni uja anati pamafunika mafuta, ananyamula kabotolo, ndipo bandulo inathera pomwepo, mayiyo ali kukamwa yasa. Lusungu sanadikire. Anathamangira kukhitchini kwa amayi ake. Tsiku loyamba mabatani ankaterera bwino zedi, kenaka chisanu ndi fumbi zinawaumitsa ngati ulimbo.

"Foni ndi imene yakuuza zimenezi?" anafunsa a Sajeni. "Nanga anyezi ndi tomato inati uthire liti?"

"Bandulo inatha, adada. Mbwenu ine ndinaganiza kuti mafuta ndi mafuta."

"Unaganiza! Fomu Folo yaganiza! Ine zida izi ndinachita kupempha ngati wamasiye, iwe n'kuzikazinga."

"Mukanatiphunzitsa kathiridwe kake bwenzi ndikudziwa. Kabotolo kanu ka mafuta kamakhala m'thumba la jekete ngati mankhwala a chikondi."

"Pakamwa apo!"

"Yayi, nane ndiyankhuleko. Ben anasiya bandi, Cosmas anasiya. Anthu akubwera kudzaphunzira lipenga, inu mukuwapatsa paipi. Ndife ma pulambala ife?"

A Sajeni anatembenukira kulipengalo. Anamasula mabatani limodzilimodzi, n'kuwaponya m'beseni la madzi ofunda a sopo. Pamwamba pa madziwo panayandama timaso ta mafuta. Lusungu ankayang'ana manja awo akale aja akutsuka mkuwa mwachikondi chomwe sanaonetsepo munthu, ndipo mtima unam'wira kwambiri.

Loweruka kunali ukwati. Christobel, yemwe Lusungu ankakhala naye desiki imodzi kusekondale, ankakwatiwa ndi Bestone, mnyamata wobwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yofiira. Bandi ndi imene inkayenera kutsogolera akwati kuchoka kutchalitchi mpaka kuholo. Woliza lipenga lotsogolera, Wilkins, nayenso anali atakwera basi ya ku Joni mwezi wathawo osatsanzika. Malo ake anali opanda munthu, ndipo malo amenewo ndi omwe ankam'soweka Lusungu mtendere.

"Ukuyesa sindikudziwa?" anatero a Sajeni osadzutsa mutu. "Champhira yense akudziwa amene ankanyamulira Christobel mabuku mpaka pamjigo. Walipha dala lipengali. Umafuna ukwati wa mnzako ukhale zii ngati maliro a mfiti."

"Ine? Kulipha dala?"

"Nanga ndani? Bestone wakulanda ndi galimoto, iwe wabwezera ndi mafuta ophikira. Nkhondo ya amphawi."

Mawuwo anam'lowa ngati munga wa m'chidendene. Anakumbukira galimoto yofiira ija itaima pagolosale, Christobel ali kutsogolo, galasi likukwera pang'onopang'ono iye akudutsa ndi paipi yake paphewa. Christobel sanam'patse moni tsiku limenelo. Anangowerama ngati akufuna china m'chikwama.

"Chabwino," anatero Lusungu. "Litsukeni liyere. Loweruka akaliza ndani? Inuyo? Ndi mano ati?"

Aliyense m'bandimo ankadziwa kuti chichokere mano awo akutsogolo, a Sajeni akafika pa mawu okwera lipenga limangotulutsa mpweya, koma panalibe amene anayerekezapo kunena. Mkuluyo anaimirira, madzi a sopo akudontha m'zala.

"Bwereza."

"Mwamva kale."

"Mwana wopanda mwambo iwe. Ine ndinalizira akuluakulu a dziko lino amako asanakubereke."

"Kale limenelo. Pano mukuopa. Mukutisunga pa paipi kuti pasapezeke wokuposani."

"Kundiposa! Iwe ukuliza nyimbo imodzi kudimba, achule n'kukuombera m'manja, basi wasanduka katswiri? Ukudziwa kuliza ukuyenda? Ukudziwa kupuma pokwera chitunda chija cha kuholo? Milomo ikafa pakati pa msewu, foni yako idzakulizira?"

"Ndiyeseni."

"Sindiyesa akuba."

"Ndapota, a Sajeni, ndiyeseni kamodzi."

"Ika kamlomo kanga patebulopo, utuluke. Paipiyo tenga, ukathirire mpiru."

Lusungu anapisa m'thumba n'kukagwira kamlomoko. Kanali kofunda, chifukwa sikankachoka m'thumba mwake ngakhale popita kumunda. Anakatulutsa, koma dzanja linakana kutambasuka. Anaima pakhomo, mphepo ikum'menya kumsana, misozi yaukali ili m'maso.

"Ukudikira chiyani?" anakalipa a Sajeni. "Wandiwonongera chida, wanditukwana m'nyumba ya Mulungu. Ukufunanso chiyani kwa ine? Nena!"

"Ndikufuna ndikhale kutsogolo Loweruka."

"Kuti ukasangalatse amene anakutaya?"

"Yayi! Asangalale ndani? Ndikufuna ndikaime pafupi ndi galimoto yawo yofiirayo, ndilize mpaka magalasi anjenjemere. Akweze galasi, andimvebe. Atseke makutu, andimvebe. Acheuke, aone kuti ndi ine, Lusungu wa paipi uja, ndipo Christobel chimuwawe chomene, a Sajeni. Chimuwawe mpaka kuholo. Ndi zimene ndikufuna. Ndipatseni lipenga."